Ndemanga pa bokosi la galasi limene ndasungiramo zikumbutso za ulenje wa abakha wa malemu bambo anga

Papita chaka ndi miyezi iwiri chitengereni bokosi la galasi limene ndinapangitsa kwa kalipentala wina wa pa boma la Kasungu, ndipo ndachedwa dala kulemba ndemangayi, chifukwa ntchito ya matabwa siiweruzidwa tsiku loitenga, ikadanunkhira vanishi. Ndinafuna kuti bokosilo liyambe lakumana ndi fumbi la mu Okutobala, chinyezi cha mu Febuluwale ndiponso kuzizira kwa mu Juni. Tsopano zonsezi lapirira, ndipo ndikhoza kunena mosakayika kuti ndalama zanga sizinapite pachabe, ngakhale kuti ntchitoyi sinakhale bwino ulendo woyamba.

Bambo anga anali mlimi wa fodya cha ku Santhe, koma anthu a m'mudzi mwathu ankawadziwa kwambiri ngati mlenje wa abakha akutchire m'madambo otsikira ku mtsinje wa Bua. Atatisiya, amalume anakapereka ku polisi mfuti yawo yakale ya mpope umodzi, pakuti chiphaso cha mfuti ndi cha mwini wake ndipo sichisiyirana ngati khasu kapena njinga. Ine ndinalandira chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pansi pa sutikesi yawo. M'chitinimo munali nthenga za zipweyo (abakha akutchire a nkhope yoyera oimba mluzu), nthenga zinayi zonyezimira za m'phiko la bakha uja wamphongo amakhala ndi chotupa pamwamba pa mlomo, kanyanga kolimba kamene tsekwe amakhala nako pa phiko, makoko atatu a zipolopolo zoombedwa kale, ziphaso ziwiri zosakira mbalame, pito wa nsungwi amene anasema okha, ndiponso chithunzi chimodzi chosonyeza iwo ataimirira m'mphepete mwa madzi, galu wawo atakhala pa mapazi awo. Pamene ndinkatsegula chitinicho n'kuti njenjete zitadya kale nthenga zingapo, ndipo chiphaso chimodzi chitayamba kung'ambika m'mopinda. Ndinaona kuti ndikazisiya momwemo, mvula ziwiri kapena zitatu zikubwerazi ndidzangopezamo fumbi.

Chinthu choyamba chimene chinandipatsa chikhulupiriro mwa amisiriwa ndi mawu amene anandiuza ndisanatsegule n'komwe chitini chija. Anati: “Achimwene, ngati mwabweretsa mnyanga, chikopa kapena dzino la nyama yotetezedwa, musanditulutsire pano, ine zimenezo sindizikhudza.” Munthu wa kwina akhoza kukhumudwa ndi kulandiridwa kotere, koma ife a kuno tikudziwa kuti tili pafupi ndi nkhalango ya Kasungu, malo otetezedwa a nyama zakutchire amene anakhazikitsidwa kukhala national park m'chaka cha 1970, ndipo lamulo loona za nyama zakutchire la 1992 linakhwimitsidwa mu 2017, kotero kuti milandu ina yokhudza nyama zimene zili pangozi yakutha imatha kumangitsa munthu zaka zofika 30. Nditawaonetsa ziphaso za bambo ndi nthengazo, anamasuka, nayamba kuziyala pa pepala loyera imodziimodzi, akuzigwira ku tsinde osati ku nsonga. Kagwiridwe kameneko kokha kanandiuza kuti ndafika pa munthu woyenera.

Tinagwirizana kuti bokosilo likhale la masentimita 60 m'litali, 45 m'lifupi ndi 8 kuya kwake, kuti pito ndi kanyanga ka tsekwe zisagunde galasi. Ine ndinkafuna paini poganizira mtengo, koma iwo anandilangiza mlombwa, ponena kuti chiswe ndi tizilombo tofukula matabwa siziulowa msanga, komanso supindika kwenikweni nyengo ikamasinthasintha. Popeza mitengo yachilengedwe yotere ikusowa masiku ano, anagwiritsa ntchito matabwa a chitseko chakale chimene anagula kwa munthu amene ankaphwasula nyumba, ndipo zimenezi zinandikondweretsa, chifukwa thabwa lakale limakhala litauma mokwanira. Mpaka lero makona onse anayi ali chigwirire, palibe pamene patseguka ngakhale mpata wolowa chikhadabo. Anapala bwino, vanishi anapaka wochepa, kotero kuti mizere yofiirira ya mlombwa imaoneka yokha popanda kuphimbidwa. Mtengo wa ntchito yonse unali wofanana ndi wa matumba awiri a chimanga pa nthawi imeneyo, ndipo theka ndinalipira poyamba kudzera pa foni, theka linalo potenga.

Pamene ndikuwayamikira koposa ndi pa kaikidwe ka nthenga. Ndinali nditaonapo mabokosi ena otere, momwe nthenga zimangomatidwa ndi guluu, ndipo pakapita nthawi guluuyo amasanduka wachikasu n'kusiya banga losachoka. Iwo anakana guluu. Anayala nsalu yokhuthala yotuwa pa thabwa la m'kati, kenako nthenga iliyonse anaisokerera ku tsinde ndi ulusi wopyapyala wakuda, moti nditafuna kuichotsa ndingangodula ulusiwo popanda kuiononga. Nthenga zinayi zonyezimira zija anazipendeketsa pang'ono m'malo moziyala chafulati, atazindikira okha kuti mtundu wake umasintha malinga ndi kumene kuwala kukuchokera. Ukaima kumanja zimaoneka zobiriwira, ukasunthira kumanzere zimalowera ku buluu, ndipo ukaima kutsogolo kwenikweni zimaoneka ngati zakuda. Umu ndi mmene zinkaonekera pa bakha mwini wake, bambo akamutukula m'madzi dzuwa likungotuluka kumene, ndipo sindinkayembekezera kuti kalipentala angabwezeretse chinthu chotere.

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake zimenezi zili zazikulu kwa ine. Ndili mnyamata wa ku pulayimale, bambo ankandidzutsa tambala woyamba atangolira, makamaka mu Juni ndi mu Julayi, ntchito ya fodya itachepa. Tinkayenda m'mame mpaka makabudula kunyoweratu, n'kukabisala m'mabango kusanache. Zipweyo zimadya kwambiri usiku, ndipo m'bandakucha zimauluka m'magulu zikuimba mluzu wake uja wa mawu atatu, umene munthu akaumva kamodzi saiwala. Bambo ankaziyankha ndi pito wawo, mwakachetechete poyamba kenako mokweza pang'ono, mpaka gulu litakhota n'kutsikira kumene tili, nkhope zawo zoyera zikuoneka mu kamdima kaja. Sankaombera kangapo ayi. Zipolopolo zinali zodula, komanso iwo anali ndi lamulo lawolawo loti abakha awiri kapena atatu akwanira ndiwo za banja, ndipo m'nyengo ya dzinja, pamene abakha amaikira mazira ndi kuyenda ndi tiana tawo m'udzu, mfuti inkakhala yopachika. Tsekwe anamupha kamodzi kokha ine ndikuona, ndipo anali wolemera moti ndinalephera kumunyamula mpaka kufika kumudzi. Kanyanga ka pa phiko lake kanandikala pa mkono, ndipo n'chifukwa chake bambo anakasunga, kuti azindikumbutsa tsiku limene ndinaumirira kusenza katundu woposa msinkhu wanga. Amisiri aja sindinawauze nkhani yonseyi, koma atandifunsa kuti pa zinthu zonsezi chimene chili pamtima panga kwambiri n'chiti, ndinaloza kanyangako ndi pito, ndipo anaziika pakati, pansi penipeni pa chithunzi.

Tsopano ndinene zimene sizinayende bwino, chifukwa amene akufuna kupangitsa bokosi lotere ayenera kuzidziwa asanapereke ndalama. Anandilonjeza masabata atatu, koma ntchito inatenga asanu ndi awiri. Kuzimazima kwa magetsi kunachedwetsadi makina opalira, komabe ndinayenda maulendo awiri kuchokera kwathu kukafika pa boma osapeza kanthu, pamene uthenga umodzi wa pa foni ukanandipulumutsira ndalama zoyendera. Limeneli ndi vuto laling'ono poyerekeza ndi limene linaonekera mvula itafika pachimake.

Chakumapeto kwa Febuluwale ndinaona kuti m'kati mwa galasi mwayamba kuchita nthunzi m'mawa uliwonse. Nditayang'anitsitsa, ndinapeza kuti thabwa lakumbuyo linangokhomedwa ndi timisomali popanda kutseka m'mbali, ndipo chinyezi cha pa khoma chinkalowera m'mipata imeneyo. Pa chiphaso chimodzi panamera timadontho ta nkhungu, ndipo kunsi kwa makoko a zipolopolo, kumene kuli kachitsulo kachikasu, kunayamba kubiriwira. Choopsa kwambiri chinali chakuti chithunzi anachikweza pa kathabwa n'kuchigunditsa galasi, ndipo ngodya yake imodzi inamatirira. Chithunzi chakale chikamatirira pa galasi, pochimatula chimasiya khungu lake pomwepo. Ichi ndi chithunzi chokhacho cha bambo chimene banja lathu lili nacho cha nthawi imeneyo, ndipo usiku umenewo sindinagone.

Nditabwerera nalo, sanandizungulitse kapena kuloza chala khoma la nyumba yanga. Anavomera kuti analakwitsa, ponena kuti anazolowera mafelemu a masatifiketi ndi zithunzi za ukwati zosindikizidwa masiku ano, ndipo sanaganizire zoti pepala lakale limamwa chinyezi. Anachimatula pang'onopang'ono, ndipo chinatayika ndi kachidutswa ka ngodya kokha, pamene pali udzu, nkhope ya bambo ndi galu osakhudzidwa. Kenaka anatsitsa kathabwa kaja kuti pakati pa chithunzi ndi galasi pakhale mpata, anazunguliza kamphira kopyapyala m'mbali mwa thabwa lakumbuyo, ndipo m'malo mwa misomali anamanga ndi masikuluwu asanu ndi limodzi kuti ndizitha kutsegula ndekha. Kumbuyonso anakhomako timatabwa tiwiri tolekanitsa bokosi ndi khoma kuti mpweya uzidutsa. Zonsezi anachita osandilipiritsa kanthu, ndipo mvula ya chaka chino yadutsa galasi lili louma. Munthu wovomera kulakwa kwake n'kukonza ndi manja ake ndimamuwerengera kuposa amene sanalakwitsepo pamaso panga, ndipo n'chifukwa chake ndikupitiriza kuwatumizira anthu.

Pali zina zimene ndaphunzira ndekha m'chakachi, zimene ndikanakonda amisiriwo akanandiuza pa chiyambi. Nthenga zakale zimakhala ndi mazira a njenjete osaoneka ndi maso, choncho kuzitsekera m'bokosi labwino popanda kuziyeretsa kuli ngati kutsekera nankafumbwe m'nkhokwe yomata bwino. Zanga ndinazikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuzisiya sabata yathunthu mu fuliji, mbali youmitsa madzi, kwa mlamu wanga pa boma, ndipo chibwezereni sindinaonenso kafumbi kaja kamene kamagwa pansi pa nthenga ikamadyedwa. M'ngodya ya bokosi ndinabisamo timipira tiwiri ta mankhwala a njenjete ndi timapaketi tomwa chinyezi timene timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo ndimasintha mvula ikamayandikira. Galasi limene anaika ndi wamba, la mamilimita anayi, ndipo siliteteza ku dzuwa. Poyamba ndinapachika bokosi moyang'anizana ndi zenera la kum'mawa, ndipo m'miyezi yochepa inki ya pa chiphaso inayamba kufwifwa, kotero ndinalisamutsira ku khoma limene dzuwa silifikako. Chithunzi chenicheni ndinachichotsamo n'kukachijambulitsa ku situdiyo, ndipo chimene chili m'bokosi panopa ndi chojambulitsacho, pamene chakalecho chili mu envulopu m'sutikesi ya amayi. Aliyense wopangitsa bokosi lotere ndikumupempha kuti achite zimenezi asanapite n'komwe kwa kalipentala. M'chitini muja munalinso kabotolo ka timipira ta mtovu tochokera m'zipolopolo, ndipo ndinakana kukaika m'bokosi ngakhale amisiri anati kakanakongoletsa, chifukwa mtovu ndi poizoni ndipo m'nyumba mwathu muli ana okonda kuika zinthu m'kamwa.

Chimodzi chimene sichinakonzedwe mpaka pano ndi kokolekera. Mlombwa ndi galasi zikaphatikizana zimalemera, koma anaikako kawaya kamodzi kamene ndikuona kuti n'koyenera felemu ya satifiketi. Ndinagula ndekha zitsulo ziwiri zolimba ku sitolo ya zomangira nyumba n'kuzimanga m'mbali zonse ziwiri. Ndalama yake ndi yochepa, koma pa ntchito yabwino chonchi sindikuona chifukwa choumirira pa kanthu kamene kangagwetse zonse tsiku limodzi.

Amene ali ndi zikumbutso za mtundu umenewu, kaya ndi za ulenje, za usodzi kapena za usilikali wa makolo awo, ndikuwalimbikitsa kupangitsa bokosi lotere, bola anene momveka pa tsiku logwirizana kuti safuna guluu, kuti pepala lililonse lisagunde galasi, ndiponso kuti kumbuyo kukhale kotsekeka bwino koma kotheka kumasula. Mbali yomalizayi ndinaiona phindu lake pa Khirisimasi, pamene amayi anabwera kudzacheza. Anaima patsogolo pa bokosilo nthawi yaitali osayankhula, kenako anati: “Mwanawe, pito ameneyu sanamusemere kuti azingoonedwa, tamutulutsa.” Ndinamasula masikuluwu aja, ndipo iwo anapereka pitoyo kwa mwana wanga wamwamuna wa zaka zisanu ndi zinayi, namuuza kuti aimbe katatu motsatizana, kachitatuko motsitsa. Anayesa mpaka madzulo, ndipo atamubwezera m'malo mwake ndinamanganso kumbuyo kwa bokosi popanda thabwa kung'aluka kapena sikuluwu kukana kugwira.