Miyezi 7 Bambo akuvala timakina tothandiza kumva: ndemanga yanga

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Imodzi yotsalayo yadyedwa ndi maulendo komanso mabatire, ndifotokoza.

Bambo anga ali ndi zaka 68, ndipo zoposa 20 mwa zakazo anathera pa chigayo cha dizilo. Kwa nthawi yaitali tinkangoti ndi ukalamba, mwinanso tinkawanena kuti akuchita dala. Wailesi ankaikweza moti oyandikana nawo nyumba ankamvera mpira mwaulere. Chinandiwawa n'chakuti anasiya kupita ku milandu kwa amfumu, ndipo pagulu ankangoseka akaona ena akuseka. Achimwene anga ali ku Johannesburg anatumiza kachipangizo kogula m'sitolo, koma iko kankakweza chilichonse, tambala, mbale, njinga yamoto. Bambo anakavala masiku awiri n'kukaponya m'chitini cha misomali.

Kenako kuchipatala chaching'ono cha kwathu anatilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu chomwe amaphunzitsirako madokotala. Kumeneko tinaonana ndi audiologist, katswiri woyeza kamvedwe, mayi wachitsikana ndithu, ali ndi ophunzira awiri. Chinandigwira mtima poyambirira n'chakuti sanayankhule ndi ine ngati kuti mwini makutu palibe. Anakhala moyang'anizana ndi Bambo, nkhope poyera, n'kufunsa pang'onopang'ono osakuwa: "Bambo, awa ndi ophunzira, mulola kuti aonerere?" Iwo anati, "Aonerere mwanangu, mawa adzathandiza ena." Kunena zoona, kukhala ndi ophunzira kunatipindulira ife, chifukwa chilichonse ankachifotokoza kawiri, kwa iwo m'Chingerezi, kwa ife m'Chichewa.

Mafunso analipo ambiri: ntchito yomwe ankagwira, ngati khutu linatulukapo mafinya, ngati anabayidwapo jakisoni wa TB wa streptomycin kapena kanamycin, ngati analandirapo kwinini wambiri, poti mankhwala amenewa amatha kuwononga kamvedwe. Ndi pomwe ndinamva koyamba kuti m'makutu mwa Bambo mumalira ngati nyenje usana ndi usiku, zaka ndi zaka. Sanauzepo munthu, ngakhale Amayi.

Atawunika ndi kanyali, khutu lakumanzere linali lotsekeka ndi phula lomwe Bambo analikankhira mkati okha ndi timitengo ta machesi. Anatipatsa mankhwala odontheza kuti lifewe, tibwerenso pakatha sabata. Ulendo wachiwiriwo ndi umene anayeza zenizeni. Anayamba ndi kamakina kopopa mpweya pang'ono m'khutu koona ngati nembanemba ya m'khutu ikugwedezeka bwino. Kenako anawalowetsa m'kachipinda kotchinga phokoso, atavala mahedifoni, kuti azikweza dzanja akangomva kulira, ngakhale kwapansipansi. Anawaikanso kachitsulo konjenjemera pa fupa la kuseri kwa khutu, kuti adziwe ngati vuto lili m'njira yodutsa mawu kapena mkatikati mwenimweni.

Pepala lomwe linatuluka, audiogram, ndalisunga m'Baibulo. Pali timizere tozungulira tofiira ta khutu lakumanja ndi ma X a buluu a lakumanzere, kuyambira mawu a besi pa 250 Hz mpaka opyapyala pa 8000 Hz. Kumbali ya besi Bambo anali bwinoko, koma mzere unagwera pansi kwambiri cha pa 4000 Hz, ndipo mayiyo anati kugwa kotereku ndi chidindo cha phokoso la makina. Apa m'pomwe ndinamvetsa mawu omwe Bambo ankakonda kunena, akuti "ndikumva kuti mukuyankhula koma sindikumva zomwe mukunena". Ma a, e, o amawafika, koma s, f, ts ndi ch amasowa panjira. Kwa iwo tsamba ndi chamba zinali chimodzimodzi, ndiye tangoganizani mikangano yomwe inkabuka pakhomo. Anatiuzanso mosabisa kuti tiziwalo ta mkati mwa khutu tikafa ndi phokoso sitimeranso, timakina timangothandiza zomwe zatsala. Ndinayamikira kuti sanatilonjeze zakumwamba.

Tsiku lomwelo anathira kaphala kofewa m'makutu onse awiri kuti atenge chikombole chake. Ulendo wachitatu timakina tinali tokonzeka, tamtundu wokoleka kuseri kwa khutu, ndipo anatilumikiza ku kompyuta n'kutitchera motsata pepala lija, kukweza mawu opyapyala okhaokha, besi kumusiya. Kusiyana kwake ndi kachipangizo ka m'chitini kaja ndi kumeneku.

Sabata zoyamba zinali zovuta, ndisaname. Bambo ankati mawu awo akumveka ngati ali mumgolo, mapepala akutokosa m'mutu, sipuni ikagwa ankadzidzimuka. Anali atauzidwa kale kuti ayambe ndi maola ochepa patsiku, kunyumba, ubongo uzolowerenso. Kamakina kakumanja kankaimbanso likhweru akamatafuna. Titabwerera patatha mwezi anakonza chikombole chija n'kutsitsako pang'ono, likhweru linatha. Amene mukupita, ulendo wobwerezawu musauphonye, ndi umene unapulumutsa timakina ku chitini.

Lero pakhonde timacheza osakuwa. Zidzukulu amazimva, zomwe kale zinkakanika chifukwa mawu a ana ndi opyapyala. Pa foni zimatheka akaika pa sipika. Nyenje ija masana saimva, imabwerera usiku akavula. Kutchalitchi amakhala kutsogolo ndipo ulaliki amautsata, koma kumsika, pamaliro ndi mu minibasi zimasokonekera ndithu, anthu ambiri akamayankhula nthawi imodzi. Mu minibasi amangovula n'kuika m'thumba la malaya.

Tsopano nyenyezi yosowa ija. Maulendo asanu kuchokera kumudzi, anthu awiri, si ndalama yamasewera. Kachipinda koyezera n'kamodzi, choncho mukafika 8 koloko itadutsa mudziwe kuti nkhomaliro mudyera pa benchi. Ulendo wina tinapeza tsiku lathu analisintha popanda kutiimbira, tinabwerera chimanjamanja, Bambo atavala jekete yawo ya ku ukwati. Za mabatire nazo, athu ndi a nambala 13, a kapepala ka olenji, ndipo amagwira ntchito ndi mpweya, kotero mukangomatula kapepalako ayamba kutha kaya mukuwagwiritsa ntchito kaya ayi. Kwa Bambo limodzi limakhala sabata ndi masiku angapo. Pa tiredingi senta yathu sapezeka, ndipo kamodzi ku kiliniki komweko anali atatha. Gulani ambiri mukawapeza, ndipo muziwabisa kutali ndi ana poti ndi tating'ono, mwana akhoza kumeza.

Chinyezi ndi mdani wina. Nyengo ya dzinja kamodzi kanazima Bambo atanyowa ndi thukuta kudimba. Panopa usiku amatsegula kachitseko ka batire n'kuika timakina m'botolo lotseka bwino momwe muli timikanda toyamwa chinyezi, ndipo sikanazimenso. Timapaipi take tayamba kuuma, tikasinthitsa ulendo ukubwerawu.

Chigayo chija pano akuyendetsa ndi mphwanga. Mayi woyeza kamvedwe uja anatiuza kuti phokoso la ma decibel 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 patsiku limakwana kuwononga makutu, ndipo kuti ngati ukufunika kukuwa poyankhula ndi munthu amene waima naye pafupi, ndiye kuti pafika poopsa. Bambo anatenga ndalama ya fodya wawo n'kukamugulira zotchinga m'makutu kusitolo ya zipangizo zomangira. Amazivala akangoona njinga ya Bambo ikukhota pa mlatho.