Magazi kapena chimbudzi: tiyezetse chiti nthenda ya ulcerative colitis ikabuka?

Ambirife amene tili ndi ulcerative colitis, nthenda ya zilonda za m'thumbo lalikulu, timathamangira kuyezetsa magazi m'mimba mukangoyambanso. Ine ndimadalira kwambiri chimbudzi, ngakhale kuti kuchinyamula m'kabotolo kumachititsa manyazi.

Magazi amaonetsa asilikali a m'thupi akadali pa ulendo. Nthenda ikabuka, ma neutrophil (mtundu wina wa maselo oyera olimbana ndi matenda) ndi ma platelet (tizigawo tothandiza magazi kuundana) amachuluka, ndipo CRP, puloteni yosonyeza kutupa imene imapangidwa m'chiwindi, imakwera. Koma mankhwala athu omwewa amasokoneza manambalawa. Prednisolone amakweza ma neutrophil ngakhale thumbo likupola, pamene azathioprine amatsitsa maselo oyera. Komanso zilonda zikakhala kumapeto kwa thumbo kokha, CRP ikhoza kutuluka bwinobwino chonsecho inu mukuona magazi ndi zonanda m'mawa uliwonse. Zimapweteka mtima kuuzidwa kuti zonse zili bwino thupi likukana.

Chimbudzi chimaonetsa asilikali amene afika kale pa chilonda. Ma neutrophil akalowa m'khoma la thumbo amasiyamo puloteni yotchedwa calprotectin, ndipo imatuluka ndi chimbudzi. Ikachepera mamaikulogalamu 50 pa galamu imodzi, kawirikawiri kutupa kulibe. Ikapitirira 250, thumbo latupa ndithu. Imatha kukwera munthu asanayambe n'komwe kumva ululu, ndiye dokotala amasintha mankhwala nthawi ikadalipo. Nayonso ili ndi pofooka pake: ibuprofen amaikweza, kamwazi wa tizilombo amaikwezanso, choncho muuzeni dokotala zimene mwamwa.

Kamera ya colonoscopy, imene amailowetsa m'thumbo kudzera kotulukira chimbudzi, ndiyo imaona chilondacho ndi kutapako kanyama kokayeza, koma ndani angapirire mankhwala otsuka m'mimba mwezi ndi mwezi? Imafunikadi pakatha zaka 8 nthenda ya thumbo lonse itayamba, pofufuza khansa.

Koma musasiye kuyezetsa magazi, anzanga. Ngati mukumwa azathioprine, ndi magazi okha amene angakuchenjezeni kuti maselo oyera atsika mowopsa. Ndipo nthenda ikakula kwambiri, madokotala amatsatirabe muyeso umene madokotala awiri a ku Britain, Truelove ndi Witts, analemba mu 1955: kutsegula m'mimba kwa magazi kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pa tsiku, kuphatikizapo chimodzi mwa izi: mtima kugunda kopitirira 90 pa mphindi, thupi kutentha kopitirira madigiri 37.8, hemoglobin (puloteni yonyamula mpweya m'magazi) yochepera magalamu 10.5 pa desilita imodzi, kapena ESR (muyeso wina wa magazi wosonyeza kutupa) yopitirira 30. Zikafika apa musadikire zotsatira za calprotectin, pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akakugonekeni.