Bwalo la ndege la Chingozi ku Tete: laling'ono, koma silidya nthawi

Ndimakhala ku Ulongwe, ndipo ntchito ikandiitana ku Maputo ndimakwerera pa Chingozi. Ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

Akatswiri akamayeza bwalo la ndege amawerenga anthu odutsapo pa chaka, ndege zotera ndi zonyamuka, ndiponso katundu, kenako n'kuyerekeza ndi kuchuluka kwa antchito ndi ndalama zimene zawonongedwa. Muyeso umenewo sungalikomere bwalo lino. Msewu woterapo ndege ndi umodzi, ndege pa tsiku n'zowerengeka, komabe ozimitsa moto, achitetezo ndi oongolera ndege ayenera kukhalapo ndithu, kaya zitera ziwiri kaya makumi awiri. N'chifukwa chake mabwalo ang'onoang'ono amaoneka odula pa pepala.

Ife apaulendo timawerenga mphindi, ndipo apa mpamene Chingozi amandisangalatsa. Ukalowa pakhomo, poperekera chikwama pali pomwepo, pofufuzira pali pomwepo, podikirira ndi masitepe ochepa chabe. Ngakhale agogo amene sanakwerepo ndege sangasochere. Ndege ikatera ndimaiyang'anitsitsa: anthu akutsika, ngolo ya katundu yafika kale pamimba pake, ena akuthira mafuta, ndipo zonse zikayenda bwino imanyamukanso ola lisanakwane. Pobwerera, chikwama chako umachiona ndi maso akuchitsitsa, sukhala ndi mtima m'mwamba kuti chapita ku Nampula.

Kukwera ndege n'kuyenda pansi mpaka pa makwerero. Mu Okutobala, kutentha kukadutsa madigiri 40, phula limakuotcha kudzera m'nsapato, ndiye tengani chipewa. Limenelo ndi dzuwa la Tete, sitingaimbe mlandu munthu.

Kwa ife a ku Angónia, Zóbuè ndi Moatize pali mwayi wina. Bwaloli lili tsidya lathu lino la Zambezi, chakufupi ndi Matundo, choncho sitiwoloka mlatho wa Samora Machel. A m'tauni ndiwo ayenera kuwerengera mlathowo, ngakhale kuti wa Kassuende, umene unatsegulidwa mu 2014, unachotsako magalimoto akuluakulu. Malasha a ku Moatize, amene anayamba kukumbidwa mochuluka mu 2011, ndiwo anawonjezera anthu pano. Mudzaona a zipewa za kumgodi ndi nsapato zikuluzikulu, makamaka pa ndege ya ku Johannesburg.

Nyenyezi yachisanuyo ndaimana chifukwa cha kuchepa kwa maulendo. Chapa (minibasi) ikakuchedwetsa pa msewu wa Ulongwe, ndege n'kukusiya, nthawi zambiri ndiye kuti wagona m'Tete ndipo walipira chipinda. Masiku ano ndimatsika dzulo lake n'kukagona kwa achibale ku Matundo. Ena a matakisi panja akaona chikwama chamateyala mtengo umakwera pomwepo, ndiye gwirizanani mametikali ake musanalowe m'galimoto.