Mwayi wowerengera ndi mwayi woyesa: tidalire uti potola m'thumba?

Ikani zitsekerero za mabotolo 10 zofanana kukula m'thumba losaonekera m'kati, 3 zofiira ndi 7 zoyera. Munthu akapisa dzanja osasuzumira, mwayi woti atole chofiira ndi wotani?

Njira yowerengera siifuna n'komwe kuti mugwire thumbalo. Zofiira zilipo 3 mwa 10, ndiye mwayi ndi 3/10, kapena 0.3. Ndi yachangu ndipo yankho lake silisintha, koma yatsamira pa mfundo imodzi: chitsekerero chilichonse chikhale ndi mwayi wofanana ndi chinzake.

Njira yoyesa ndi ya manja. Tolani chimodzi, lembani mtundu wake, chibwezereni, gwedezani thumba, tolaninso. Pomaliza gawani maulendo amene chofiira chatuluka ndi maulendo onse. Apa ndi pamene ophunzira amakhumudwa. Akatola ka 20 amayembekezera zofiira 6, koma 6 yeniyeniyo imatuluka pafupifupi kamodzi pa magulu asanu alionse. Gulu lopeza 4 kapena 8 silinalakwe, maulendo 20 ndi ochepa basi. Phatikizani zotsatira za kalasi yonse zifike 500, ndipo nthawi zambiri zofiira zidzakhala pakati pa 130 ndi 170, kutanthauza 0.26 mpaka 0.34. Kuti kusiyanako kuchepe ndi theka, maulendo achuluke kanayi. John Kerrich, katswiri wa masamu amene ankaphunzitsa ku South Africa, atatsekeredwa ku Denmark pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anaponya ndalama yachitsulo ka 10,000 ndipo mutu unatuluka ka 5,067, osati 5,000.

Nanga mutatola ka 500 n'kupeza 0.45? Limenelo si tsoka ayi, funafunani cholakwika. Mwina zofiira zina n'zopindika ndipo zala zikuzizindikira. Mwina wotola sakugwedeza, choncho chimene wabwezera chimakhala pamwamba n'kutoledwanso. Kusabwezera nakonso kumasintha masamu: chofiira chikatuluka osabwerera, mwayi wa chofiira china umatsika kufika 2/9. Ubwino waukulu wa kuyesa ndi umenewu, kumaulula kukondera kumene kuwerengera sikungaone. Ndipo musalole maganizo akuti zoyera zikatsatizana kasanu ndiye kuti chofiira chayandikira. Thumba silikumbukira, mwayi ukadali 0.3.

Ife timati ngati zinthu n'zofanana ndipo mungathe kuziwerenga, monga timapepala ta mayina topindidwa mofanana pochita maere a chipereganyu, werengerani. Mwa anthu 12, aliyense ali ndi mwayi wa 1/12 woyamba kulandira. Koma chitsekerero mukachiponya m'mwamba, sichigwa chagada ndi chafufumimba mofanana ngati ndalama, ndipo kulemba 1/2 n'kulakwa. Chimodzimodzi mbewu ya chimanga imene yagonera: palibe masamu okuuziranitu kameredwe kake. Fesani njere 100 pa mchenga wonyowa, pakatha sabata muwerenge zimene zamera.