Kamtsuko kamene ndinagula ku Shigaraki

Patha miyezi inayi chikagulireni, ndiye tsopano ndingathe kunena zimene ndaona.

Ndinakagula m'kasitolo ka bambo wina woumba mbiya ku Shigaraki, m'chigawo cha Shiga ku Japan, nditatsika kasitima kochokera pa siteshoni ya Kibukawa. Msewu wonse kumeneko wadzaza ziboliboli za tanuki, kanyama ka chimimba kamene alendo amakonda, koma ine ndinangozidutsa. Mtima wanga unali pa uzukumaru, timitsuko tatifupi totambalala m'mapewa timene alimi a m'nyengo ya Muromachi, kuyambira 1336 mpaka 1573, ankasungiramo mbewu. Dzinalo limatanthauza kunyonyomala, ndipo kukayang'ana kalidi ngati munthu wanyonyomala powotha moto.

Kanga si kakale ayi, ndi ka masiku ano. Koma bambowo amatsata njira ya makolo awo. Amapota dongo ngati chingwe n'kumasanjikiza mozungulira, kenako n'kusalaza ndi zala. Atandipatsa kuti ndipise dzanja m'kati, ndinamva mizere ya dongo lija, ndipo ndinakumbuka agogo anga aakazi akuumba nkhali kuseri kwa nyumba. Ndinakhala kaye chete.

Chimene chinandigwira mtima ndi khungu lake. Sanapakepo chilichonse chonyezimiritsa. Amakaotcha mu anagama, ng'anjo yaitali yokwera m'mbali mwa phiri, akusonkhezera nkhuni za paini usana ndi usiku kwa masiku angapo. Phulusa louluka limatera pamapewa a mtsuko, kutentha kukafika pachimake limasungunuka n'kuyenderera ngati galasi lobiriwira. Pa kanga layenderera mbali imodzi yokha, imene inayang'ana moto. Mbali inayo ndi yofiira ngati dothi la katondo, mtundu umene m'Chijapani amati hi-iro. Dongo la kumeneko linasonkhana pansi pa nyanja ya Biwa yakalekale, ndipo lili ndi timiyala toyera timene timatumphuka pamwamba pootcha, moti ukamasisita kamakanda m'manja. Paphewa anajambulapo mizere yopingasana ngati mpanda, yotchedwa higaki. Ndimakatembenuza m'mawa uliwonse, ndipo sindinatope nako.

Zovuta zilipo. Nditathiramo madzi a maluwa koyamba, m'mawa mwake ndinapeza pathebulo panyowa, chifukwa dongo losapakali limachita thukuta. Bambowo anandichenjeza, ine ndi amene sindinalabadire. Pansi pake n'pokhakhala, pamakanda matabwa, choncho ndinayalapo kansalu. Mtengo wake nawo unandiwawa: ndalama zimene ndikanadyera milungu iwiri.

Amene akufuna chosungiramo madzi kukhitchini, asataye ndalama pa kameneka. Ine ndinasiya zothiramo madzi. Muli nyemba zouma tsopano, zimene ndimatapamo Loweruka lililonse.