Anandipatsa nkhope ya mfumu m'malo mwa nkhope ya kapolo

Mwezi watha ndinapita kukasitolo kosindikiza zithunzi ndi malaya, pafupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, kuti andikonzere chithunzi cha Epictetus, katswiri wakale wa filosofi, choti ndipachike m'kalasi mwanga. Ophunzira anga amamudziwa munthuyu kudzera pa TikTok ndi Facebook, pamene dzina lake limayenda limodzi ndi ziboliboli zandevu, ndipo ndinkafuna kuti azimuonanso pakhoma.

Pa ntchito ya manja ndilibe dandaulo. Pepala ndi lokhuthala, inki sinathimbirire, felemu inakhomedwa bwino, ndipo anamaliza tsiku limene analonjeza.

Koma nditamasula phukusilo ndinapeza nkhope ya Marcus Aurelius, mfumu ya Roma, ndipo m'munsi mwake munali mawu olimbikitsa munthu kuthamangira chuma. Mnyamata wa pakompyuta anandiyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ndatenga zimene zinatuluka pamwamba nditalemba dzinalo pa intaneti." Zinandiwawa, chifukwa Epictetus anali kapolo wolumala mwendo, wobadwira ku Hierapolis (m'dziko limene lero ndi Turkey) cha m'ma 50 AD, ndipo mbuye wake Epaphroditus anali mlembi wa mfumu Nero. Atamasulidwa anaphunzitsa ku Roma mpaka pamene mfumu Domitian inapirikitsa akatswiri a filosofi, ndipo iye anakatsegula sukulu ku Nicopolis, m'dziko la Greece. Sanalembe buku ndi dzanja lake. Amene anasunga mawu ake ndi wophunzira wake Arrian. Kabuku ka mawu akewo, kotchedwa Enchiridion, kamayamba ndi kusiyanitsa zinthu zimene zili m'manja mwathu, monga maganizo ndi zokhumba, ndi zimene sizili m'manja mwathu, monga thupi, chuma, mbiri ndi udindo. Kumulembera munthu wotere mawu otamanda chuma ndi kumunamizira, komanso kunamiza mwana wa mlimi amene waonapo mvula ikudula chimanga chili ndi ngayaye, amene chiphunzitso chenichenicho chikanamugwira mtima.

Eni sitolo sanakangane nane. Ndinawapatsa ndime yoyambayo ndi chojambula chakale choonetsa Epictetus atakhala patebulo ndodo ili pambali, ndipo anasindikizanso popanda kundilipiritsa kachiwiri. Ndidzapitanso kumeneko, koma mawu ndi chithunzi ndizidzapita nazo ndekha, nditazitsimikiza m'buku.