Makina ochotsa chinyezi m'chipinda: miyezi isanu ndili nawo

Ndinagula makinawa chifukwa cha mantha, ndivomereretu. Mwana wanga wamkazi wa zaka 6 ankadzuka pakati pa usiku akutsokomola, pachifuwa pakumveka ngati wina akuimba likhweru, koma kukacha amapita kusukulu ali bwinobwino. Adokotala atamupima anamupatsa mankhwala opopera m'kamwa, kenako anandifunsa kuti, "Mayi, kuchipinda kumene amagona kulibe chinyezi?" Ndinakana ndi mtima wonse. Madzulo ake nditasuntha kabati ya zovala ndinapeza khoma lakuseri lada bii ndi chuku, nsapato zanga zachikopa zitamera ubweya wobiriwira. Fungo lija ndinkalinamizira zovala zosauma bwino linali lochokera pamenepo.

Makinawa ogulitsa amawatchula kuti dehumidifier. Anga ndi aakulu ngati sutikesi yaing'ono, ali ndi timatayala pansi, thanki ya malita 2, ndi kagalasi kosonyeza kuchuluka kwa chinyezi mumpweya. Kagwiridwe kake nkofanana ndi filiji. Fani imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuudutsitsa pa timapaipi tozizira, chinyezi chija n'kusanduka madontho ngati amene amachita kunja kwa botolo lozizira, n'kumagwera m'thanki. Tsiku loyamba kagalasi kanasonyeza 78 peresenti. Patatha masiku atatu zitseko ndi mawindo zili zotseka, kanafika pa 55. Bungwe loona za chilengedwe la ku America, EPA, limalangiza kuti chinyezi cha m'nyumba chisapitirire 60 peresenti, ndipo ndi bwino chikakhala pakati pa 30 ndi 50. Pamenepa makinawa sanandinamize. Zofunda zinasiya kuzizira ngati zanyowa, ndipo mawindo anasiya kuchita thukuta m'mawa.

Pakatoni analemba kuti amatunga malita 12 patsiku. Ine sindinaonepo oposa atatu. Nambala ija amaiyeza pamalo otentha madigiri 30 komanso chinyezi cha 80 peresenti, zimene sizichitikachitika m'chipinda chogona. Phokoso lake ndi la filiji yokalamba, ndipo thanki ikadzaza amalira pii pii mosaganizira kuti ndi 3 koloko usiku. Ndinathana nazo polumikiza kapaipi kotayira madzi m'ndowa. Chipinda chimafundako pang'ono, ndipo magetsi amadya ndithu, pafupifupi mawati 200 akamayenda.

Chimene chinandikwiyitsa ndi kapepala kamene anaika m'katonimo. Kamati makinawa "amapha chuku ndi kuchotsa poizoni wake", ndipo kali ndi chithunzi cha chigaza. Limeneli ndi bodza. Mpweya ukauma chuku chimangosiya kukula, koma chomwe chili pakhoma chimakhalabe pomwepo, ndipo tinjere take timapitiriza kuuluka. Ngakhale chitafa, chimayambitsabe mphumu ndi kuyetsemula kwa munthu amene thupi lake limadana nacho. Sabata yoyamba mwana ankatsokomolabe, ine ndikudabwa kuti ndalakwitsa pati.

Za poizoniyo ndinakhala nazo pansi usiku wambiri, chifukwa n'zimene zinkandisowetsa tulo. N'zoona kuti mitundu ina ya chuku imapanga poizoni wotchedwa mycotoxin. Wotchuka kwambiri ndi mtundu wakuda wotchedwa Stachybotrys chartarum, umene umakonda mapepala, makatoni ndi mabolodi a siling'i akakhala onyowa kwa nthawi yaitali. Mbiri yake yoopsa inayambira mumzinda wa Cleveland ku America m'zaka za 1993 ndi 1994, pamene makanda angapo anadwala matenda otuluka magazi m'mapapo ndipo chuku chimenechi chinaganiziridwa. Koma mu 2000 bungwe la boma la America lolimbana ndi matenda, CDC, litaunikanso kafukufukuyo linanena kuti umboni wake sunali wokwanira. Komanso mtundu sungauzindikire ndi maso. Cladosporium, mtundu wina wa chuku umene uli paliponse, nayenso amaoneka wakuda. Kudya chakudya chokhala ndi poizoni wa chuku n'koopsa mosakayikitsa, koma kumeneko n'kumeza, pamene kapepala kaja kakunena za kupuma.

Zimene zili ndi umboni wolimba sizimveka zochititsa nthumanzi, koma ndi zomwe zinali m'nyumba mwanga. Lipoti la 2004 la bungwe la akatswiri a zaumoyo ku America, Institute of Medicine, ndiponso malangizo a 2009 a bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amagwirizana kuti kukhala m'nyumba yachinyezi ndi chuku kumayendera limodzi ndi kutsokomola, kulira kwa pachifuwa, kutsekeka mphuno ndi kukula kwa mphumu. Musazione ngati zazing'ono. Ku Rochdale, ku England, mwana wa zaka ziwiri Awaab Ishak anamwalira mu 2020, ndipo mu 2022 wofufuza za imfayo anagamula kuti chinamupha ndi matenda a kupuma obwera chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya chuku. Palinso mtundu wa chuku wotchedwa Aspergillus, umene umatha kumera m'mapapo mwenimweni mwa anthu ofooka chitetezo, kapena m'mabowo amene TB imasiya munthu akachira. Apongozi anga anadwalapo TB, ndiye atabwera kudzacheza ndinawauza kuti, "Amayi, mugona pabalaza mpaka tikonze kuchipindaku." Anakhumudwa, koma anagona pabalaza.

Wogulitsa anafunanso kundikakamiza kambale koyezera chuku mumpweya. Ndinakana, ndipo inunso kanani. Tinjere ta chuku tili mumpweya wa nyumba iliyonse, choncho kambale kaja kadzamera kanthu zivute zitani. Ngati mukuchiona kapena kuchinunkhiza, yankho muli nalo kale.

Ntchito yeniyeni ndinaigwira ndi manja. Mwana ndinamusamutsira kuchipinda china, ndinavala magulovu ndi masiki ya N95, ndinatsegula mawindo, n'kukwecha khoma ndi madzi a sopo mpaka penti kuonekera. Ena amawonjezera bulichi, koma chonde musamusakanize ndi amoniya kapena viniga, mpweya umene umatuluka ndi woopsa kuposa chukucho. Thabwa lakumbuyo kwa kabati ndinataya, pamodzi ndi makatoni a mabuku akale, chifukwa zinthu zomwa madzi sizitsukika. Nsapato zija zinandiwawa kutaya. Malo akaposa sikweya mita imodzi ndi bwino kuitana odziwa ntchitoyo, ine anga anali m'malire.

Patapita masabata atatu timadontho takuda tinabwerera pakona yomwe ija, kagalasi kakusonyeza 52. Apa m'pamene ndinazindikira malire a makinawa: amaumitsa mpweya, koma khoma limene likumwa madzi kuchokera mkati sangalithandize. Pulambala atagumula anapeza paipi ya kubafa ikudontha pang'onopang'ono pamalo olumikizira. Anaikonza m'maola awiri. Makinawa anathandiza kwambiri pambuyo pake, pomwe ndinawayang'anitsa kukhomako kwa masabata awiri kuti liume ndisanapakenso penti. Mukapaka penti pamwamba pa chinyezi imangotukusira n'kusendeka.

Ndiye ndingawagulenso? Inde, makamaka chifukwa cha kagalasi kaja ndi masiku amvula pamene zovala zimaumira m'nyumba. Ndikanakonda thanki yokulirapo ndi batani lozimitsira kulira kuja. Sefa yake ndimaitsuka masabata awiri alionse, thankinso chimodzimodzi, chifukwa nditaiiwala kamodzi ndinapeza nayonso yayamba kuchita chuku. Kabati tsopano ndinaitalikitsa kukhoma kuti dzanja lizilowa. Mwana akumwabe mankhwala ake monga adokotala ananenera, koma mwezi wathawu anadzuka ndi chifuwa kamodzi kokha, ndipo tsiku limenelo anali ndi chimfine.